Layisensi ya TV ya ku UK: ndi chilungamo? Nanga ndalamayo bwanji osangopatsa masukulu?

Funsoli lachokera kwa mayi wina wa kwathu ku Malawi amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds, ali ndi ana awiri a ku pulaimale. Akuti: "Makalata a TV Licensing andikwana. £174.50 pachaka pomwe ine BBC sindiionera nkomwe, ana ndi amene amatsegula CBeebies, tchanelo cha BBC cha ana aang'ono, mwa apo ndi apo. Chilungamo chilipo apa? Ndipo ngati amati ndalamayo imathandiza maphunziro a ana, bwanji osangoipereka kumasukulu komweko?"

Mayi, mwafunsa zinthu ziwiri ndipo mayankho ake sakulowera kumodzi. Pa loyambalo ndili nanu, katoleredwe ka ndalamayi nkokondera, kamapweteka osauka ndipo kamapweteka kwambiri azimayi ngati inu nomwe. Koma pa lachiwirilo ndikutsutsani ndithu, ndalamayo ikangopita kumasukulu ana anuwo ndi amene aluze. Ndifotokoza, koma tiyambe ndi lamulo kaye chifukwa anthu athu ambiri kunoko amalipira osadziwa chomwe akulipirira, ena salipira osadziwa kuti akulakwa.

Layisensi imeneyi, yomwe ndalama yake imayendetsa BBC, siyakuti muli ndi TV m'nyumba ayi. Mutha kukhala ndi chiTV chachikulu ngati chitseko osalipira kanthu. Imafunika ngati mukuonera kapena kujambula pulogalamu pa nthawi yomwe ikuwulutsidwa, pa tchanelo chilichonse, kaya ndi ITV kaya Sky kaya tchanelo cha kunja, ndipo zilibe kanthu kuti mukuonera pa TV, pa laputopu kapena pa foni. Chachiwiri imafunika ngati mukugwiritsa ntchito BBC iPlayer, poonera mapulogalamu a BBC pa intaneti, ngakhale kuonera za dzana, izi zinayamba mu September 2016, kale anthu ankazembera pomwepo. Nde ngati kwanu kuli Netflix ndi mavidiyo a pa YouTube basi, zomwe sizikuwulutsidwa pompopompo, simukuyenera kulipira, mumangouza a TV Licensing, otolera ndalamayi, pa webusayiti yawo kuti kuno sitifunika layisensi. Koma mwanena nokha kuti ana amatsegula CBeebies, ndiye kwa inu nkhani yatha, lamulo likukukhudzani. Ndipo apa pali pomwe a kumudzi timakodwa: kuonera MBC kapena Times pa intaneti nthawi yomwe akuwulutsa, mwina mpira wa Flames kapena mwambo wa boma, mwa lamulo la kunoko kumeneko nkuonera TV, layisensi ikufunika, ngakhale BBC sinaikepo dzanja. Layisensi imodzi ndi ya nyumba yonse, koma ngati mukukhala nyumba yogawana ndipo aliyense ali ndi pangano lakelake ndi landilodi pa chipinda chake, aliyense woonera m'chipinda mwake akuyenera kukhala ndi yake.

Zinayamba bwanji? BBC inayamba mu 1922, ndipo layisensi ya wailesi inali mashilingi 10 pachaka. Ya TV inabwera mu 1946 pa £2. Nthawi imeneyo nzeru yake inali yomveka bwinobwino, TV anali nayo ndi anthu ochita bwino, tchanelo chinali chimodzi chokha mpaka ITV inabwera mu 1955, ndiye wolipira anali yemweyo woonera BBC, panalibe chodandaula. Vuto ndi lakuti dziko linasintha, TV inalowa nyumba iliyonse, matchanelo anachuluka, intaneti inabwera, koma katoleredwe kanangotsala komweko ka 1946, mtengo umodzi kwa aliyense.

Mtengo umodzi kwa aliyense umamveka ngati chilungamo mpaka mutatenga cholembera. £174.50, mtengo wa mu 2025, ndi pafupifupi £14.50 pamwezi. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka mu April 2025 anali £12.21 pa ola, nde pa mtengo umenewo munthu wa ntchito ngati yanuyo amagwira maola opitilira 14, tinene mashifiti awiri, kuti apeze ya layisensi yokha, msonkho tisanachotse. Dokotala wamkulu kapena loya wa ku London imeneyo ndi ya chakudya cha usiku umodzi ku lesitilanti. Munthu wosakwatira amene ali pa Universal Credit, thandizo la boma la osowa ntchito ndi opeza zochepa, amalandira cha m'ma £400 pamwezi ndipo naye amalipira £14.50 yomweyo, palibe kuchotsera. Msonkho wa pa malipiro umakwera munthu akamapeza zambiri, ngakhale msonkho wa khonsolo womwe anthu amaudandaula uja umayang'anako mtengo wa nyumba ndipo munthu wokhala yekha amamuchotserako. Layisensi ya TV siyang'ana chilichonse. Nyumba ya zipinda 10 yokhala ndi maTV 6 ndi kachipinda ka mayi wolera yekha ana, mtengo umodzi. Ochotseredwa ndi ochepa: osaona amalipira theka, okhala m'nyumba zosamalira okalamba amatha kulipira £7.50, ndi okalamba a zaka 75 kupita m'tsogolo amene ali pa Pension Credit, thandizo la boma la okalamba opeza zochepa, amenewo ndi ulere.

Koma chomwe chimandiwawa ine kuposa mtengowo ndi khoti. Kuonera popanda layisensi ndi mlandu, osati ngongole wamba ngati ya magetsi kapena ya foni, ndipo chindapusa chake chimatha kufika £1,000. Munthu samangidwa chifukwa chosowa layisensi, izi anthu amakokomeza, koma akakana kulipira chindapusa cha khoticho ndiye zimatha kufika poipa. Panali nthawi, cha m'ma 2012, pomwe milandu ya TV inali pafupifupi umodzi pa milandu 10 iliyonse m'makhoti a majisitireti ku England ndi Wales, taganizani. Panopa inatsika kwambiri koma chinthu chimodzi sichinasinthe, pa anthu anayi alionse oimbidwa mlanduwu atatu amakhala azimayi. Si kuti azimayi ndi amene amazemba kwambiri ayi. Nkhani ndi yakuti oyendera a TV Licensing amagogoda pakhomo masana, ndipo amene amatsegula chitseko masana nthawi zambiri ndi mayi ali ndi mwana kumsana, kapena wogwira ntchito usiku amene wadzutsidwa kutulo, ndipo azimayi amakonda kuyankha mwaulemu mmalo momenyetsa chitseko, nde amene wayankha mafunso ndi kusaina pepala ndi amene dzina lake limapita kukhoti, bambo uja woonera mpira Loweruka lililonse ali phee ku ntchito. Kuwonjezera apo milandu yambiri imagamulidwa mwa njira yachidule yomwe inayamba mu 2015, majisitireti mmodzi amangowerenga mapepala mwini mlandu kulibe, ndiye munthu wodwala kapena amene Chingerezi cha m'makalata aboma chimamuvuta amangozindikira wagamulidwa kale. Boma linaunikapo nkhaniyi mu 2015, linafunsanso maganizo a anthu mu 2020, kawiri konse mlandu unasiyidwa mmene ulili.

Nde pa funso loyamba mwawina. Koma chifukwa chomwe mwaperekacho, chakuti "ine sindiionera", chimenecho nchofooka ndipo musachidalire kwambiri. Tonse timalipirira zinthu zomwe sitigwiritsa ntchito, wopanda mwana amalipirira sukulu, wosadwala amalipirira zipatala za boma za NHS. Zili ngati mjigo wa kumudzi, nyumba iliyonse imasonkha ya sipeya ngakhale amene ali ndi chitsime pakhomo, chifukwa tsiku lomwe chitsime chaphwa naye adzapita komweko, koma komiti yanzeru siilipiritsa agogo osowa mofanana ndi mwini golosale. Cholakwika cha layisensi si kusonkhako, ndi kusayang'ana thumba la wosonkhayo.

Tsopano za ana, pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Mu zonse zomwe BBC imachita, mapulogalamu a ana ndi maphunziro ndi amene amayenera ndalama ya anthu kuposa china chilichonse. Mpira, magule a Loweruka usiku, masewero a apolisi, zimenezo BBC itasiya mawa makampani ena azitola tsiku lomwelo chifukwa muli phindu. Za ana mulibe phindu, makamaka zophunzitsa, ndipo izi si zongoganiza, zinaoneka. Mu 2007 bungwe loyang'anira zowulutsa la Ofcom linaletsa kutsatsa zakudya za shuga, mchere ndi mafuta ambiri pa mapulogalamu a ana, chinthu chabwino ndithu pa thanzi la ana, koma ndalama yomwe matchanelo amalonda ankapeza pa ana inali yomweyo ya maswiti ndi zakumwa, nde atangoitseka anayamba kuthawa. ITV yomwe kale inkapikisana ndi BBC pa za ana inachepetseratu kupanga zake, ndipo mu September 2023 tchanelo chake cha ana cha CITV chinatsekedwa, zotsala anazikankhira pa intaneti. Lero mapulogalamu atsopano a ana opangidwa mu UK momwemo, ambiri mwa iwo ndi a BBC. Ena ambiri ndi makatuni ogula kunja omwe cholinga chake chenicheni nkugulitsa zidole, kapena YouTube komwe kompyuta ndi imene imasankha choti mwana aonere kenako, ndipo siisankha chomuphunzitsa, imasankha chomwe chimugwire maso kuti asachoke. Amene muli ndi ana mukudziwa zomwe ndikunena, mwana amayamba ndi nyimbo ya zilembo, pakatha theka la ola ali pa munthu wamkulu akutsegula mabokosi a zidole akukuwa.

CBeebies ndi CBBC ya ana okulirapo, zomwe zinayamba mu February 2002, mulibe otsatsa malonda ngakhale mmodzi. Kwa kholo lomwe labwera kotopa ku shifiti ya maola 12 ndipo likufuna mphindi 30 zophika, kusiya mwana pa tchanelo chomwe sichimuuza kuti "uza mayi ako akugulire ichi" si nkhani yaing'ono. Ndipo zina mwa zomwe zili mmenemo zinapangidwa limodzi ndi akatswiri a kaphunzitsidwe, Numberblocks ija ana amaikonda anaipanga mothandizana ndi odziwa kaphunzitsidwe ka masamu ndipo aphunzitsi ambiri a makalasi oyamba amaigwiritsa ntchito m'kalasi momwe. Kwa ana athu obadwira kapena kukulira kuno palinso china, amaonamo ana akuda ngati iwo akuyankhula mmene amayankhulira anzawo a ku Leeds kapena Glasgow, osati a ku California.

Mbiri yake pa maphunziro ndi yaitali. John Reith, mkulu woyamba wa BBC, anati ntchito yake ndi kudziwitsa, kuphunzitsa ndi kusangalatsa, ndipo maphunziro a pa wailesi opita m'masukulu anayamba mu 1924, TV kulibe. Open University, yunivesite yophunzira uli kunyumba, itayamba kuphunzitsa mu 1971 maphunziro ake ankadutsa pa BBC, anthu ogwira ntchito masana ankaonera usiku kapena mbandakucha nkupeza madigiri. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera kompyuta ya BBC Micro yomwe inalowa m'masukulu ambiri a dziko lino, akatswiri ambiri a makompyuta a kuno anayambira pamenepo. Bitesize, webusayiti ya BBC ya maphunziro, inayamba mu 1998, lero mwana wokonzekera mayeso a ku sekondale monga a GCSE amapezamo manotsi ndi mafunso a silabasi yake, ya England, ya Scotland, ya Wales, ya Northern Ireland, ulere, pomwe mphunzitsi wapadera wa kunyumba kuno amatchaja £30 kapena kuposa pa ola limodzi. Werengani nokha, layisensi ya chaka chonse ndi maola 6 okha a mphunzitsi woteroyo. Mu 2016 BBC inagawa kakompyuta kakang'ono ka micro:bit kwa ana pafupifupi 1 miliyoni a chaka choyamba cha sekondale.

Pomwe zinaonekera poyera ndi nthawi ya Covid. Masukulu atatsekedwa aliyense ankati ana aziphunzira pa intaneti, koma Ofcom inapeza kuti ana pakati pa 1.1 ndi 1.8 miliyoni analibe laputopu, kompyuta kapena tabuleti kunyumba, m'dziko lolemera ngati lino. Mu April 2020 BBC inayamba maphunziro a tsiku ndi tsiku, ndipo mu January 2021 potsekanso kachiwiri anaika maola atatu a maphunziro a pulaimale pa CBBC mmawa uliwonse ndi maola awiri a sekondale pa BBC Two, pa TV wamba yosafuna data. Netflix sinachite zimenezo ndipo panalibe chifukwa choti ichite, si ntchito yake. Ife a kumudzi izi sizachilendo, ambiri mukukumbuka Tikwere pa wailesi ya MBC, aphunzitsi atayika wailesi kutsogolo kwa kalasi ya ana oposa 100, ndipo ku Zambia kunali Taonga Market yomwe inkafikira ana omwe sanali pasukulu nkomwe. Wailesi imafika komwe buku ndi mphunzitsi sanafike.

Musaone ngati ndikuikira kumbuyo BBC, ili ndi zake. Ikafuna kudziteteza ku Nyumba ya Malamulo imathamangira kutchula Bitesize ndi CBeebies, koma mukayang'ana mmene imagawira ndalama, za ana ndi kachigawo kochepa kwambiri poyerekeza ndi BBC One, masewera ndi zisangalalo za akulu. Kuyambira 2017 amakakamizidwa kulengeza malipiro a anthu awo otchuka, ndipo Gary Lineker yekha ankalandira cha m'ma £1.35 miliyoni pachaka, amenewo ndi malayisensi a nyumba zoposa 7,000 kupita kwa munthu mmodzi wokamba za mpira. Mu 2022 analengeza zoti CBBC idzachoke pa TV wamba nkukhala ya pa intaneti yokha, patangotha chaka chimodzi chionetsereni kuti ana osauka TV wambayo ndi imene amadalira, ine pamenepo ndinangogwira pakamwa. Ndipo palinso nkhani ya BBC Jam yomwe ambiri anaiwala: inali ntchito yaikulu ya maphunziro a pa intaneti, bajeti yake £150 miliyoni, inayamba mu January 2006 nkuimitsidwa mu March 2007 chifukwa makampani ogulitsa zipangizo zophunzirira anakadandaula ku European Commission kuti zaulerezi zikuwaphera msika. Ndalama zambiri zinalowa m'madzi. Nde ngakhale BBC itafuna kuchita zambiri pa maphunziro pali ena amene amaigwira mwendo, amalonda safuna mpikisano ndi chinthu chaulere.

Tibwere ku maganizo anu aja, akuti bwanji osangotenga ndalamayo nkupatsa masukulu. Choyamba ndi masamu chabe. Layisensi imatolera pafupifupi £3.8 biliyoni pachaka. Bajeti ya masukulu ku England kokha ndi yoposa £60 biliyoni. Ndiye mutatseka BBC yonse, mawailesi onse, nkhani, zanyengo, CBeebies, Bitesize, zonse, nkupereka ndalama yonseyo, masukulu awonjezereka ndi 6 pelesenti yokha, imeneyo ingothera kukweza malipiro pang'ono ndi kulipira magetsi ndi gasi, mwana wanu m'kalasi sangaone kusintha kulikonse, koma kunyumba aona kuti zija ankaonera zapita. Pulogalamu imodzi yabwino ya masamu imapangidwa kamodzi nkuonedwa ndi ana mamiliyoni kwa zaka 10, ndalama yomweyo mukaigawa m'masukulu oposa 20,000 sukulu iliyonse ipeza yogulira mabuku ochepa basi.

Chachiwiri ndi khalidwe la boma, lililonse, kaya la Conservative kaya la Labour. Mukangolola kuti ndalama ya layisensi izilipira ntchito yomwe ndi ya Treasury, unduna wa zachuma, a Treasury amachotsa yawo mwakachetechete. Zachitikapo kale kangapo. Mu 2010 boma linaimitsa mtengo pa £145.50 kwa zaka zingapo nkusenzetsa BBC katundu yemwe kale ankalipira ndi boma, World Service, wailesi ya BBC youlutsa kumaiko akunja, yomwe ankalipira ndi unduna wa zakunja, tchanelo cha chinenero cha ku Wales cha S4C, ngakhale ndalama zina zofalitsira intaneti kumidzi. Layisensi yaulere ya okalamba anaiyambitsa ndi nduna ya zachuma Gordon Brown mu 2000 ndipo boma ndi limene linkalipira, koma mu 2015 nduna ina ya zachuma, George Osborne, anaikankhira kwa BBC, BBC itaona kuti siikwanitsa inaichepetsa mu August 2020 kutsala a Pension Credit okha, ndipo agogo onse okwiya anatukwana BBC osati nduna. Kunalinso thumba lapadera lothandiza matchanelo ena kupanga za ana ndi achinyamata, linayamba mu 2019 ndi ndalama zotsala za layisensi, linkayenda bwino ndithu, mu 2022 linangotsekedwa. Nde mukati ndalama ya TV ipite kumasukulu, chomwe chidzachitike nchakuti bajeti ya maphunziro idzatsika ndi ndalama yomweyo, ndipo mudzakhala mwasamutsa mtolo wa sukulu kuuchotsa pa msonkho womwe olemera amalipira zambiri kuuika pa chopereka chomwe inu ndi miliyoneya mumalipira mofanana. Chinthu chomwe mukuchidandaula chija mudzakhala mwachikulitsa nokha.

Ena amati chabwino, thetsani layisensi, boma lizingopereka ndalama ku BBC kuchokera mu bajeti chaka ndi chaka. Kunena zoona pa nkhani ya osauka njira imeneyi ndiyabwinoko, koma ife Amalawi tisamanamizidwe, tikudziwa mmene wailesi yodya m'manja mwa boma imayankhulira. MBC kuyambira 1964 yakhala ikuimbira amene ali pampando, ndipo mu 2007 aphungu otsutsa, omwe anali ochuluka m'Nyumba nthawi ya a Bingu wa Mutharika, anakwiya nazo mpaka anapatsa MBC ndi TVM K1 aliyense mu bajeti. Mbali zonse ziwiri zinaonetsa chinthu chimodzi, kuti wogwira thumba ndi amene amagwira pakamwa. Ndipo si ku Africa kokha, ku America mu July 2025 Congress inabweza $1.1 biliyoni yomwe inali itaperekedwa kale ku bungwe lothandiza mawailesi a anthu, bungwelo nkulengeza kuti likutseka, ndipo ovutika kwambiri ndi timawailesi ta kumidzi tomwe timaonetsa mapulogalamu a ana a PBS, TV ya anthu ya kumeneko. France inathetsa layisensi yake ya €138 mu 2022 nkuyamba kutapa ku msonkho wa VAT, kuyambira pamenepo nkhani ya ndalama za wailesi yakhala ili m'manja mwa andale chaka chilichonse. Ubwino umodzi wa layisensi, ndi zoipa zake zonsezo, ndi wakuti ndalama siidutsa m'thumba la nduna mwezi ndi mwezi.

Njira zina zilipo ndipo zikugwira ntchito, si maloto. Germany kuyambira 2013 nyumba iliyonse imalipira kaya muli TV kaya mulibe, panopa ndi €18.36 pamwezi, ndiye palibe woyendera kudzasuzumira pawindo, ndipo olandira thandizo la boma salipira. Koma ikadali mtengo umodzi kwa otsalawo. Amene anakonza bwino ndi a kumpoto. Finland mu 2013 inasintha kukhala kamsonkho kapadera kotengera zomwe munthu amapeza, opeza zochepa salipira kalikonse, ndipo pali malire pamwamba kuti kasapitirire. Sweden inachita chimodzimodzi mu 2019, 1 pelesenti ya malipiro mpaka pa malire ena, ndalamayo imasungidwa payokha osasakaniza ndi bajeti ya boma. Ndipo Sweden ili ndi chomwe ine ndimachisirira, kampani yapadera ya mapulogalamu a maphunziro yotchedwa UR, ili ndi gawo lakelake la ndalamazo, nde akuluakulu a TV sangatenge ndalama ya ana nkukagulira mpira. Ku Switzerland anthu anafunsidwa pa voti mu March 2018 ngati chopereka chawo chithe, oposa 70 pa 100 alionse anati chikhale, ngakhale chinali chokwera kuposa cha kuno.

Kwathu kumwera kwa Africa zitsanzo zake nzamtundu wina. Ku South Africa layisensi ya SABC yakhala pa R265 kuyambira 2013, yotchipa, koma oposa 80 pa 100 salipira, anthu anataya chikhulupiriro ndi wailesiyo pa zaka zija za katangale, chonsecho ndi SABC yomweyo inabweretsa Takalani Sesame mu 2000, yomwe inaphunzitsa ana aang'ono za HIV nthawi yomwe akulu ankaopa kuitchula. Zimbabwe mu 2025 inakhazikitsa lamulo loti woyendetsa galimoto azilipira kaye layisensi ya wailesi ya ZBC, $92 pachaka, asanapatsidwe mapepala a galimoto. Kutolera kotero nkosavuta, ndalama ibwera ndithu, koma kukakamiza anthu kulipirira wailesi yomwe amaiona ngati ya chipani sikuwapangitsa kuikonda. Kunonso ku UK osalipira apitilira 10 pa 100 ndipo nyumba zokhala ndi layisensi zikutsika chaka ndi chaka, achinyamata ambiri TV ya pompopompo saidziwa nkomwe, nde ngakhale BBC yomwe ikudziwa kuti mmene zililimu sizipita patali.

Chikalata chachifumu chomwe BBC imayendera chikutha mu December 2027, ndipo zonsezi zikukambidwa panopa. Mutandifunsa ine, ndinganene kuti chopereka chikhalepo koma chitengere thumba la munthu ngati ku Finland, kapena chimangiriridwe ku magulu a msonkho wa khonsolo kuti nyumba zodula zizilipira zambiri, a Universal Credit asamalipire, nkhani ya khoti ithe ikhale ngongole wamba, ndipo m'chikalata chatsopanocho alembemo gawo lenileni la ndalama lomwe lizipita ku za ana ndi maphunziro, lotchulidwa ndi nambala, loti mkulu wa BBC sangalikhudze zinthu zikathina, komanso za ana zikhalebe pa TV wamba mpaka tsiku lomwe mwana aliyense adzakhale ndi intaneti kunyumba. Imeneyo ndiyo njira yoti layisensi ithandizire maphunziro, osati kugula choko ndi madesiki. Ngati muli ndi mpata lemberani MP wa dera lanu, safunsa ngati muli ndi pasipoti ya kuno, ndinu wokhala m'dera lake basi, ndipo makalata a makolo pa nkhani ya za ana amawerengedwa chifukwa ndi ochepa amene amalemba.

Pakadali pano inuyo musangowaunjika makalatawo pa firiji. Poti ana amaonera CBeebies, sankhani chimodzi. Ngati mukulipira, simukuyenera kutulutsa ndalama ya chaka chonse kamodzi, pali kulipira pamwezi, pali khadi yolipirira pang'onopang'ono pa sabata m'mashopu a PayPoint, ndipo kwa amene zawathina pali dongosolo lina lofewerapo lomwe mutha kupempha kudzera kwa alangizi a ngongole monga a Citizens Advice. Dziwani kuti mukayamba kumene kulipira pamwezi, miyezi 6 yoyamba amadula pafupifupi kawiri chifukwa amafuna mukhale patsogolo, musadabwe nazo. Ngati mwaganiza zosiya, siyani zenizeni, chotsani iPlayer pa TV ndi pa tabuleti ya ana, zulani waya wa eriyo, lembetsani kuti simufunika layisensi. Masamba a Bitesize owerenga ndi mafunso ake pa webusayiti safuna layisensi, wailesi ya BBC nayonso siifuna kuyambira 1971, ndiye ana azigwiritsabe ntchito zimenezo. Woyendera akabwera pakhomo simukakamizidwa kumulowetsa pokhapokha ali ndi chilolezo cha khoti, ndipo musasaine pepala lomwe simunaliwerenge bwino, makamaka inu amene mukadali pa viza ndipo mudzafunsidwa za milandu podzapempha mapepala okhazikika.